Musasukulutse mkaka wa mwana kuti chitini chikhalitse

"Ndimangowonjezera timadzi kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi." Mawu awa ndatopa nawo. Ndimagwira ntchito yolangiza za kadyedwe ka ana kuno ku America, ndipo amayi ambiri, ena akumudzi komwe, amandiuza zimenezi mopanda mantha, ngati nzeru yosunga ndalama.

Mkaka wa m'chitini ndi wodula, palibe angatsutse. Pulogalamu ya boma ya WIC, yothandiza amayi ndi ana aang'ono ovutika kupeza chakudya, ndiyo imalipira pafupifupi theka la mkaka wonse wa makanda wogulitsidwa m'dziko muno. Kuyambira mu 1989, lamulo limati state iliyonse (chigawo cha dziko chokhala ndi boma lake) ipikisanitse makampani a mkaka, ndipo kontrakiti imapita kwa amene mtengo wake watsika kwambiri akabwezera boma ndalama pa chitini chilichonse. Choncho khadi lanu la WIC likamalola mkaka wa Similac wokha kapena wa Enfamil wokha, musaganize kuti akupatsani wotsalira. Ndi nkhani ya kontrakiti basi.

Chimene ambiri sachimva n'chakuti WIC imangothandizira. Siilonjeza mkaka wa mwezi wathunthu, ndipo mwana akakwanitsa miyezi 6 zitini zimachepa. Apa ndi pamene madzi amayamba kuchuluka m'botolo.

Pali khanda limodzi limene silindichoka m'mutu. Linali la miyezi iwiri. Mayi ake, munthu wachikondi ndithu, ankathira kasupuni kamodzi pofunika tiwiri. Khandalo linayamba kugona kwambiri, iwo n'kumati ndi mwana wofatsa. Kenaka usiku wina linayamba kugwedezeka, maso atatembenuka. Impso za khanda sizitha kutaya madzi ochuluka chotero, mchere wa m'magazi umatsika, ubongo n'kutupa. Linapulumuka, koma mayiyo anali atabwera kwa ine sabata yapitayo, ndipo sindinawafunse momwe amasakanizira. Lero ndimafunsa aliyense.

Mu 2022, fakitale ya mkaka wa makanda ya kampani ya Abbott ku Sturgis, Michigan itatsekedwa, mashelefu anangoti mbee, ndipo pa Facebook panadzaza "akatswiri" ophunzitsa kupanga mkaka kunyumba. Maphikidwe amenewo akadazungulirabe pa WhatsApp. Atayeni. Mkaka wa ng'ombe wamba nawonso suyenera mwana wosakwana chaka.

Chitini chikatsala pang'ono, imbirani ofesi ya WIC kapena dokotala wa mwana tsiku lomwelo, musadikire chiume. Ndipo mwana akafooka, akamagona mosadzuka kuti ayamwe, kapena akayamba kugwedezeka, imbani nambala ya zangozi ya 911.