Mikangano ya njira ndi madzi ku Lake District

Anthu ambiri a mu Lusaka amene ali ndi abale ogwira ntchito m'zipatala za ku Britain aonapo zithunzi za Lake District, dera la m'chigawo cha Cumbria kumpoto chakumadzulo kwa England, kumene anthu amapita patchuthi kukangoyenda wapansi m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja. Kwa munthu amene amadula mtunda kuchokera ku Matero kupita m'tauni chifukwa chosowa ya minibasi, n'zoseketsa kumva kuti wina amalipira sitima ndi malo ogona kuti akadzitopetse dala. Komabe ufulu woponda m'mapiri amenewa, omwe ambiri ali ndi eni ake, unachita kulimbiranidwa kwa zaka zoposa 100.

Kale derali linali la oweta nkhosa, oswa miyala yofolera nyumba ndi okumba mkuwa ku Coniston. Alendo olemera anayamba kufikako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, makamaka nkhondo za ku France zitatseka maulendo opita ku mayiko ena a ku Ulaya. Wolemba ndakatulo William Wordsworth, amene anakhazikika ku Grasmere mu 1799, ndiye anatchukitsa kwambiri malowa, koma mu 1844 yemweyo anatsutsa mwamphamvu zoti njanji ichoke ku Kendal kufika ku Windermere, poopa kuti khamu la anthu wamba a m'mizinda ya mafakitale lidzasokoneza bata. Anachita ngati munthu amene walengeza phwando mudzi wonse, kenako n'kutseka chitseko ataona kuti amphawi nawonso akubwera. Njanjiyo inatsegulidwabe mu 1847.

Alendo atachuluka, eni minda ena anayamba kutseka njira zimene anthu ankadutsamo kuyambira makedzana. Mu 1887 njira zokwerera phiri la Latrigg, pafupi ndi tauni ya Keswick, zinatchingidwa, ndipo anthu mazanamazana anasonkhana n'kukwera phirilo mwadala, mpaka nkhaniyo inakathera kukhoti chaka chotsatira, kumene anagwirizana kuti njira imodzi ikhale yotsegula.

Mkangano waukulu kuposa umenewu unali wa madzi. Mzinda wa Manchester, umene unkakula mofulumira chifukwa cha mafakitale a nsalu, unapempha Nyumba ya Malamulo kuti uimike damu pa nyanja ya Thirlmere, ndipo ngakhale otsutsa anayesetsa, chilolezo chinaperekedwa mu 1879. Madzi anafika mumzindawo mu 1894, atayenda mtunda wa makilomita oposa 150 mongotsetsereka, popanda makina opopa. Kugonja kumeneku kunaphunzitsa oteteza derali kuti kudandaula kokha sikuletsa mwini ndalama, ndipo mu 1895 mbusa wa mpingo wa Anglican, Hardwicke Rawnsley, pamodzi ndi Octavia Hill ndi Robert Hunter, anayambitsa bungwe la National Trust loti lizigula malo n'kuwasungira anthu onse. Mu 1902 bungweli linagula Brandelhow, m'mbali mwa nyanja ya Derwentwater, ndi ndalama zimene anthu anasonkha.

Ludzu la Manchester silinathere pomwepo. M'zaka za m'ma 1930 damu lina linamangidwa pa nyanja ya Haweswater, ndipo mudzi wa Mardale Green unamira. Tchalitchi chake chinagwetsedwa, mafupa a m'manda anafukulidwa n'kukaikidwanso ku Shap, ndipo mpaka lero kukachita chilala zipupa za minda ndi mlatho wa mudziwo zimaonekera. Kwa ife amene timapita ku Siavonga kukapuma nkhani yotere si yachilendo, pakuti pansi pa Kariba pali midzi ndi manda a Atonga pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kunena zoona, Mardale unali mudzi wa mabanja ochepa, ndipo kuufanizira ndi chigwa cha Gwembe n'kuchepetsa masautso a Atonga, koma konsekonse anthu a kumudzi anachotsedwa kuti a m'tauni apeze chimene ankafuna.

Lamulo la 1949 linatsegula njira yokhazikitsa mapaki, ndipo Lake District inakhala paki mu 1951. Munthu asaganize za Kafue kapena South Luangwa: ku Lake District kulibe geti lolipirirapo, anthu pafupifupi 40,000 amakhala m'kati mwenimweni, ndipo njira zambiri zimadutsa m'mafamu a anthu, moti woyenda amatsegula chipata cha mlimi, kudutsa pakati pa nkhosa, n'kutsekanso. Lamulo la 2000 linawonjezera ufulu woyenda momasuka pamwamba pa mapiri. Mapiriwo si aatali ayi, chifukwa Scafell Pike, lalitali kuposa onse mu England, ndi la mamita 978 okha, pamene Lusaka yeniyeniyi ili pamwamba kuposa pamenepo. Choopsa chake ndi mvula, mphepo ndi nkhungu imene imatsika mwadzidzidzi, ndipo osochera amapulumutsidwa ndi magulu a anthu ongodzipereka.

Mkangano wa masiku ano ukukhudza nkhosa. Mapiri oyera opanda mitengo amene alendo amawajambula ali choncho chifukwa nkhosa za mtundu wa Herdwick zakhala zikudya mphukira iliyonse kwa zaka mazana ambiri. Pamene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2017, inalemekeza ulimi umenewu, koma oteteza chilengedwe ena akunena kuti nkhosa zichepe kuti nkhalango ibwerere ndi kuti madzi osefukira asamavutitse matauni a kumunsi. Alimi akukana, ndipo akudandaulanso kuti ana awo sangathenso kugula nyumba m'midzi yobadwira, popeza zambiri zagulidwa ndi anthu a kutali amene amagonamo patchuthi pokha.