Mng'alu wa pakhoma sutanthauza kuti nyumba yakale yatha

Kwa zaka zambiri kuno ku Kasungu ndakhala ndikumva anthu akunena kuti nyumba yakale ya njerwa zowotcha ikangochita mng'alu, singakonzedwenso kapena kuwonjezeredwa chipinda, koma kuigwetsa basi. Zimenezi si zoona. Ming'alu yambiri imakhala ya pulasitala chabe, ndipo ina inasiya kukula kalekale nthaka itakhazikika.

Kuti mutsimikize nokha, matani kasimenti kochepa modutsa mng'aluwo, lembani tsiku pambali ndi pensulo, kenako muone ngati kasweka dzinja ndi chilimwe zikadutsa. Kakasweka, itanani mmisiri aone maziko komanso kumene madzi a padenga amagwera, chifukwa kawirikawiri ndiwo amafewetsa nthaka. Chipinda chatsopano chikhale ndi maziko akeake. Chonde musamauze anzanu kuti agwetse nyumba ya makolo musanayese zimenezi.