Zithunzi za Kapichira zija ndi zakale abale

Magetsi akangozima maola angapo basi zithunzi pa WhatsApp zayambika, damu logumuka, mapolo ali pansi, thiransifoma yopsa, eti Kapichira yaonongekanso tikhala mumdima miyezi. Abale zambiri mwa zithunzi zimenezi ndi za Januwale 2022 pomwe namondwe Ana anagumula damu la Kapichira ku Chikwawa, kampani yopanga magetsi ya EGENCO inataya magetsi okwana ma megawatt pafupifupi 130 ndipo mdima unatikwanadi, koma anakonza, makina anayambanso kugwira mu 2023. Zina si zakuno nkomwe, taonani bwino nambala za magalimoto ndi zolembedwa pa yunifomu za anthuwo. Musanatumize ku gulu la mpingo chithunzicho chiikeni kaye pa Google Lens (njira ya Google yofufuzira zithunzi) muone komwe chinayamba kutuluka, kenako tsegulani peji ya ESCOM pa Facebook, zikavuta amalengeza konko.