Pakati pa milalang'amba si popanda kanthu

Usiku wa mu Julaye kuno ku Dedza, chisanu chitagwira, magetsi atathima, mlalang'amba umaoneka pamwamba pa phiri ngati ufa wotayika. Ambiri tinakula tikuganiza kuti mdima wa kumwambako ndi malo opanda kanthu. Si zoona, makamaka m'magulu akuluakulu a milalang'amba (milu ikuluikulu ya nyenyezi, yonga wathu timauona usikuwu), momwe gulu limodzi limakhala ndi milalang'amba mazana kapena zikwi.

Mu 1970 setilaiti yotchedwa Uhuru inaulutsidwa kuchokera kugombe la Kenya. Inapeza kuti magulu monga Perseus ndi Coma akutulutsa X-ray, kuwala komweko komwe amajambulira mafupa kuchipatala. Gwero lake ndi mpweya wodzaza pakati pa milalang'ambayo, wotentha madigiri mamiliyoni makumi angapo. Chimene chimandizizwitsa n'chakuti mpweyawu umalemera kuposa nyenyezi zonse za m'gulumo kuziphatikiza pamodzi, koma diso siliuona.

Umatentha chifukwa chiyani? Gwirani pampu ya njinga mukatha kupopa tayala, mumva kuti yafunda, poti mpweya ukapanikizidwa umatentha. Mphamvu yokoka imasonkhanitsa timagulu ting'onoting'ono, mpweya wake n'kumawombana ndi kupanikizana kwa zaka mabiliyoni.

X-ray yochokera kumwamba sifika pansi, mpweya wa dziko lathu umaitchinga. N'chifukwa chake makina oonera kutali otchedwa Chandra, omwe bungwe la ku America la NASA linatumiza mu 1999, ali m'mlengalenga. Akaloza gulu lakutali kwambiri, amalandira kuwala komwe kunanyamuka kalekale, ndiye timaliona momwe linalili kalelo, lisanakhwime, mpweya wake usanakhazikike.