Za azamba a ku Otavalo mwazimva theka

Ndatopa kumva anthu pamisonkhano ya uchembere akufunsa kuti, "Ku Ecuador azamba akumudzi amaloledwa, bwanji kuno boma linawaletsa mu 2007?" Nkhaniyo mwaimva theka.

Otavalo ndi tauni ya ku Ecuador, m'mapiri a Andes, m'chigawo cha Imbabura, kumpoto kwa Quito, likulu la dzikolo, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,500. Anthu ambiri a m'midzi yozungulira amalankhula Kichwa. Amayi akumeneko ankachithawa chipatala, ndipo ine monga namwino wa azamba sindiwadzudzula. Pachikhalidwe chawo, kuzizira ndi mdani wa mayi wapakati. Koma akafika kuchipatala ankawavula anaku, nsalu yomwe amamanga m'chiuno, n'kuwagoneka chagada m'chipinda chozizira, anamwino akulankhula Chisipanishi. Mwamuna ankatsala panja, mzamba yemwe wasamalira mimbayo miyezi yonse nayenso panja.

Mu 2008 chipatala cha San Luis de Otavalo chinatsegula chipinda china, chofunda bwino. Mayi amabereka atagwada kapena atanyonyomala, atavala zovala zake, mwamuna atamugwirira. Mzamba wakumudzi, yemwe amamutcha partera, amalowa naye n'kumamulimbikitsa m'chinenero chake. Koma zonsezi zimachitikira m'chipatala! Magazi akayamba kutayika, jakisoni wa oxytocin, woletsa kutaya magazi, ali pomwepo. Mwana akakanika kutuluka, dokotala wa opaleshoni sali kutali. Mbali imeneyi ndi yomwe ofunsa aja satchula.

Mpaka lero sindimuiwala mtsikana wina yemwe anatifikira usiku pangolo. Matenda anali atamuyamba dzulo lake. Mayi wina wodzitcha mzamba anamumwetsa mwanamphepo kawiri kuti "njira itseguke", pomwe mwana anali atagona mopingasa. Chiberekero chinang'ambika. Mtsikanayo tinamupulumutsa, mwana ayi, ndipo sadzaberekanso. Amayi ake anangoti, "Tinkaopa kuti anamwino mutikalipira." Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa kukalipako kumachitikadi.

Komabe musadikire kunyumba. Mwanamphepo alibe muyeso, amafinya chiberekero mwamphamvu ngakhale mwana asanakhale bwino. Mayi wapakati akaona magazi, akamva mutu waukulu, nkhope ndi manja zikatupa, nsupa ikasweka matenda asanayambe, kapena mwana akasiya kugunda, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ngati kwanu n'kutali, pitani kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, ndipo mzamba amene mumamukhulupirirayo akuperekezeni.