Maloko atatu pabokosi: kumene mikangano ya banki mkhonde inachokera

Lachinayi lina masana, pansi pa mtengo wa mango ku Makawa, m'boma la Mangochi, ndinaona mayi wina akulipitsidwa chindapusa kawiri pamsonkhano umodzi wa banki mkhonde. Choyamba chinali chochedwa. Chachiwiri chinali cholankhula asanapatsidwe mpata, ndipo iye anangofunsa chifukwa chimene mchemwali wa wapampando sanabwezere ngongole ya mwezi watha. Anaponya ndalamayo m'mbale yapulasitiki, n'kumangitsa chitenje. "Amayi a tcheya, pakamwa pangapa munagula ndinu?" Sabata yotsatira dzina lake linali litakhwatchidwa m'kaundula.

Makolo athu ankadziwa chipereganyu. Mumasonkha, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi wamawa wina. Ndalama sinkagona pa munthu aliyense, ndiye panalibe chosankhira wapampando. Banki mkhonde ndi mlendo. Inayamba mu 1991 ku Niger, m'chigawo cha Maradi, pamene bungwe la CARE linathandiza amayi kukhazikitsa magulu otchedwa Mata Masu Dubara. Kuno inafala m'zaka za m'ma 2000 kudzera m'mabungwe, kenako anthu anayamba kungoonerana, mudzi uwu kutengera mudzi uwo popanda mlangizi.

Amene anakonza dongosololi ankaopa wakuba, ndipo anamutchingira bwino. Bokosi lachitsulo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Komiti ndi ya anthu asanu: wapampando, mlembi, msungichuma ndi owerenga ndalama awiri, omwe amawerenga mokweza aliyense akuona. Munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu pamsonkhano, ndipo ngongole isapitirire katatu zimene wasunga. Koma za khalidwe, monga wolankhula ndani, wochotsedwa ndani, wodandaula apite kuti, anasiyira gulu lililonse kuti lilembe lokha. Magulu ambiri analemba mndandanda wa zindapusa n'kulekera pomwepo. Wapampando anatsala ali woitana mlandu, woweruza, komanso wotseka pakamwa.

Kuno ku Mangochi nkhaniyi inapeza nkhuni zouma kale. Phindu la gulu limachokera pa chiongoladzanja. Koma mayi amene wamva shehe akuphunzitsa za riba, chiongoladzanja choletsedwa m'Chisilamu, amafuna kungosunga, osakongola. Anzake amati akufuna kudya thukuta la eni, poti pogawana adzalandira nawo. Apa m'pamene magulu ena anabweretsa lamulo limene mwa oyambitsa munalibe: aliyense akongole, afune asafune, ndipo wokana alipire chiongoladzanja cha ngongole imene sanatenge. Ine lamulo ili silindilowa m'mutu. Gulu lodzitukula likumukankhira munthu m'ngongole kuti manambala akome pogawana mu Disembala.

Ndiye pali nyengo. Amayi ambiri a m'mbali mwa nyanja geni yawo ndi ya usipa ndi utaka. Novembala akafika, boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, mvula ikayamba nsomba siziuma pathandala, ndipo nthawi yomweyo komiti imafuna ngongole zonse zibwere anthu agawane, agule feteleza. Wina akudikira ndalama ya bambo a kunyumba omwe ali ku Joni. Komiti imanyamuka gulu lonse kukatenga matiresi, mbuzi, ngakhale malata. Okhwimitsa amati mukamvera chisoni mmodzi, bokosi latha, ndipo sakunama. Magulu ena ofewa anafa. Enawo amati tinabwera kudzatukulana, osati kudzavulana pagulu. Pa ndalama ndili mbali ya okhwimitsa. Pa kulipitsa munthu chifukwa wafunsa funso, ayi.

Asodzi anaidutsa kale njirayi. Mu 1993, chambo chitatha mu nyanja ya Malombe, boma linayambitsa makomiti a m'madoko, ma BVC, kuti asodzi azidzilondera okha, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linavomereza zoti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Posakhalitsa makomiti ndi mafumu anayamba kulimbirana kuti wolanda ukonde ndi wolandira chindapusa ndani. Milandu ya banki mkhonde nayo imathera pabwalo la amfumu, omwe nthawi zambiri malamulo a gululo amawamva koyamba tsiku lomwelo.

Masiku ano kwawonjezeka foni. Anthu amaponya masheya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo nambala yachinsinsi ili m'mutu mwa munthu mmodzi. Gulu la ku Makawa lija bokosi amabwera nalobe, osunga makiyi atatu n'kutsegula mwaulemu onse akuona, koma mkatimo muli makope, chidindo ndi mbale ya chindapusa. Mayi uja anamubwezera masheya ake mu Disembala, opanda phindu. Mchemwali wa wapampando anabweza ngongole yake mu Febuluwale.