Ana a Ochberg: ndani akwere sitima?

Pa ntchito yathu yosamalira ana ovutika, chomwe chimasowetsa tulo ndi kusankha. Ana ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndiye wina ayenera kulemba malamulo onena yemwe alowe. Isaac Ochberg, Myuda wa ku South Africa, anakumana ndi mtolo umenewu mu 1921.

Ayuda amatcha kuthandiza osauka kuti tzedakah, liwu lochokera ku tsinde lotanthauza chilungamo. Kwa iwo kudyetsa mwana wamasiye ndi ngongole ya mudzi wonse. Kuyambira kale madera awo ankakhala ndi thumba lomwe anthu ankasonkhamo sabata ndi sabata. Koma nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, thumba lotere silikanathandiza kanthu ku Ukraine ndi kum'mawa kwa Poland. Ayuda ochuluka anaphedwa m'zipolowe, njala ndi matenda a typhus n'kutenganso ena, ndipo osonkha aja ndiwo anali m'manda.

Ochberg, wamalonda wobadwira ku Uman m'dziko la Ukraine koma wokhala ku Cape Town, anali mtsogoleri wa nyumba ya ana amasiye achiyuda mumzindawo. Boma la South Africa, lotsogoleredwa ndi Jan Smuts, linamulola kubweretsa ana amasiye osaposa 200 ochokera m'madera aja. Linaikanso malire: mwana akhale wosakwana zaka 16, wathanzi, woti bambo ndi mayi onse anamwalira, ndipo ana a mimba imodzi asalekanitsidwe.

Lamulo lotsirizali ndi lanzeru, ndipo mpaka lero timalilimbikira, poti kwa mwana wotaya makolo, mchemwali kapena mchimwene ndiye mudzi wake wotsala. Koma taonani mmene limawombanirana ndi enawo. Ngati m'modzi akudwala maso kapena wapitirira zaka, ndiye kuti onse atsale. Ine pamenepa ndimaona dzanja la munthu wa mu ofesi amene sanayang'anepo ana oterewa kumaso. Ochberg anapeza njira: ena okulirapo anawalemba ngati othandiza kulera ana paulendo, motero anakwera limodzi ndi ang'ono awo.

Anawasonkhanitsa ku Warsaw kuchokera m'matauni monga Pinsk ndi Brest-Litovsk, n'kudzera ku Danzig ndi London. Sitima ya pamadzi ya Edinburgh Castle inawatsitsa ku Cape Town mu Sepitembala 1921, ana pafupifupi 180. Ena anakulira ku nyumba ya ana amasiye ya Oranjia mumzinda womwewo, ena ku ya Arcadia ku Johannesburg.

Patangotha zaka 20, asilikali a Hitler analowa m'matauni momwe munatsala ana amene malamulo aja anawakana.